Kuyeza TB ndi kadontho ka magazi: kutchipa pakokha sikungatipulumutse

Aliyense amene anaperekezapo m'bale wake kukayezetsa chifuwa chachikulu akudziwa kuti ntchito yonse imagona pa makhololo. Wodwala amapatsidwa kabotolo, n'kuuzidwa kuti apite panja, akoke mpweya, atsokomole kuchokera pansi penipeni pa chifuwa. Ena amabwerako ndi malovu okhaokha. Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kulavula, amangomeza. Munthu amene HIV yamufooketsa, TB n'kumufalikira thupi lonse, kawirikawiri alibe n'komwe choti atulutse. Ngakhale makhololowo apezeke, ulendo sunathe. Pachipatala chaching'ono chopanda makina, kabotoloko kamadikira wa njinga yamoto kuti akatule kumene kuli labotale, zotsatira zibwerere njira yomweyo, wodwalayo asakenso ndalama yoyendera kuti adzazimve. Ambiri amatayika pakati pa maulendo amenewa.

N'chifukwa chake sindidabwa kuti akatswiri m'maiko osiyanasiyana sanagwe ulesi pofunafuna kachipangizo kotchipa koyezera TB m'magazi, kofufuza ma antibody, tizinthu timene chitetezo cha m'thupi chimapanga chikakumana ndi tizilombo. Ine ndili kumbali yawo ndipo ndikufuna apambane. Koma ndikufunanso kuti tsiku limene kachipangizoko kadzafike pakhomo pathu, funso lathu loyamba lisadzakhale lakuti "n'ndalama zingati?" Tidzayambe tafunsa kuti kanayesedwa pa anthu ati, ndipo pa anthu 100 kamanamiza angati.

Chokoka mtima pankhaniyi tinachiona ndi maso athu pa HIV. Kubaya chala, kadontho kamodzi, kudikira mphindi zochepa, mizere n'kuoneka. Kuyeza kunatuluka mu labotale kukafika pansi pa mtengo, kumsika, kusikelo ya amayi oyembekezera. Ku Blantyre kunachitika ena mwa akafukufuku oyambirira oonetsa kuti munthu angathe kudziyeza yekha kunyumba kwake. Tizipangizo timeneti timafufuza ma antibody. Ndiye munthu akaganiza kuti mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB padziko lonse, 1.25 miliyoni n'kumwalira, pamene opezeka ndi kulembedwa m'kaundula anali 8.2 miliyoni okha, sangalephere kufunsa kuti nanga TB bwanji osaichita chimodzimodzi.

Yankho lake n'lowawa: zinayesedwa kale, ndipo zinavulaza anthu.

Mu July 2011, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachita chinthu chimene linali lisanachitepo pankhani ya TB. M'malo movomereza njira yatsopano, linalengeza kuti maiko asiye kugwiritsa ntchito njira imene inali itafala kale, yoyezera TB m'magazi pofufuza ma antibody. Nthawi imeneyo anthu oposa miliyoni imodzi ankayezedwa motero chaka chilichonse, ena kulipira mpaka madola 30 pa kuyeza kumodzi. Zipangizo zambiri zinkapangidwa ku Ulaya ndi ku North America, kumene mabungwe oyang'anira mankhwala sanazivomereze kuti zigwiritsidwe ntchito pa anthu akwawo, koma zinkagulitsidwa bwinobwino kumaiko osauka. Akatswiri ataunika akafukufuku 94, anapeza kuti zotsatira zinali mbwerekete: m'kafukufuku wina chipangizo chinkapeza odwala onse, mwa wina osapeza ndi mmodzi yemwe. Izi zisanachitike, mu 2008, nthambi yofufuza ya WHO inali itayesa tizipangizo 19 toyezera mwachangu timene tinali pamsika, ndipo palibe kamene kanapeza odwala oposa 60 pa 100 alionse. Kena kanapeza mmodzi yekha pa 100.

Dziko limene linalawa kwambiri zimenezi ndi India, kumene zipatala ndi malabotale oima paokha ankayeza anthu pafupifupi 1.5 miliyoni pachaka ndi njirayi. Ofufuza atawerengetsa anapeza kuti, poyerekeza ndi kuunika makhololo pa maikulosikopu, njira ya magaziyi ikanapeza odwala enieni 14,000 owonjezera, koma ikanauzanso anthu ena 121,000 kuti ali ndi TB pamene alibe. Boma la India linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa zipangizozi mu 2012.

Tiyenera kumvetsa chimene chinalakwika, chifukwa sikunali kuba kwa amalonda kokha. Vuto lili m'thupi mwenimwenimo.

HIV ikalowa m'thupi sichokamo. Choncho munthu wamkulu akapezeka ndi ma antibody ake, ndiye kuti kachilomboko kalimo, nkhani yatha. TB si choncho. Akatswiri amati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi analowedwapo ndi kachilombo ka TB, koma mwa anthu 100 otere, asanu mpaka khumi okha ndi amene amadzadwala pamoyo wawo wonse. Enawo thupi limakatsekera kachilomboko kapena kukagonjetsa, iwo n'kumayenda, kulima, kukalamba osadziwa kanthu. Dokotala amene wakhala ndi munthu wotsokomola patsogolo pake safuna kudziwa ngati munthuyo anakumanapo ndi TB. Akufuna kudziwa ngati TB ndi imene ikumudwalitsa lero. Ma antibody ali ngati mapazi a fisi pafupi ndi khola: amakuuza kuti fisi anadutsa, koma sakuuza ngati anadutsa usiku wathawu kapena mwezi watha, kapena ngati akadali pomwepo kuseri kwa tchire. Munthu amene anadwala TB zaka zisanu zapitazo n'kuchira angathe kukhala nawobe mapaziwo m'magazi.

Kuwonjezera apo, kachilombo ka TB kali ndi abale ake ambiri okhala m'dothi ndi m'madzi, amene nthawi zambiri sadwalitsa munthu koma thupi limawazindikira n'kupanga chitetezo. Pano Malawi ali ndi mawu oti anene, chifukwa umboni wina wamphamvu pankhaniyi unachokera ku Karonga. Kafukufuku wa ku Chilumba, amene anatsatira anthu oposa 100,000, anaonetsa kuti katemera wa BCG ankateteza anthu akumeneko ku khate koma osati ku TB ya m'mapapo, ndipo ofufuza atayerekeza achinyamata a ku Karonga ndi anzawo a ku England anaona kuti chitetezo cha Amalawiwo chinali chitadziwana kale ndi abale a kachilomboka asanabayidwe n'komwe. Apa ndisamveke molakwa: BCG amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa ya muubongo ndi yofalikira thupi lonse, ndipo mwana aliyense ayenera kulandira. Mfundo yanga ndi yakuti magazi a munthu wokulira kumudzi kwathu kuno, wokhala ndi chipsera cha BCG pamkono, womwa madzi a pachitsime, sali chimodzimodzi ndi magazi a munthu wa ku London. Chipangizo chimene chaoneka chakuthwa kumeneko chingathe kusokonezeka chikafika kuno.

Palinso china. Kachilombo ka TB kali ndi mapuloteni pafupifupi 4,000, ndipo ofufuza atayesa magazi a odwala pa mapuloteni onsewo anapeza kuti matupi sasankha mofanana. Wodwala uyu amapanga ma antibody olimbana ndi mapuloteni awa, winayo amapanga olimbana ndi ena. Palibe puloteni imodzi imene odwala onse amaiyankha. Ndiye ikabwera HIV, imene imagwetsa chitetezo chomwecho chimene tikufuna kuchifunsa mafunso, zinthu zimavutiratu. Kwathu kuno pafupifupi theka la odwala TB alinso ndi HIV. Chipangizo chimene chimagwira bwino pa anthu opanda HIV okha chatisiyira panja anthu amene TB imawapha msanga.

Alipo amene anganene kuti, "Bola chipangizo cholakwitsa pang'ono kusiyana ndi kukhala opanda kanthu. Kumudzi kulibe labotale, mukufuna anthu azingofa?" Mtima wa mawu amenewa ndimaulemekeza, ndipo ndikudziwa kuti adzamveka kwambiri tsopano pamene thandizo lochokera kunja lachepa, makamaka chichokereni dziko la America linadula ndalama zambiri za zaumoyo mu 2025. Ndalama zikachepa, chotchipa chimakoma m'maso. Koma taganizirani munthu amene wauzidwa kuti ali ndi TB pamene alibe. Amayamba mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, miyezi iwiri yoyambayo mitundu inayi pamodzi, ena mwa iwo otha kupweteka chiwindi. Kunyumba amamupatulira kapu yake ndi mbale yake. Mwina ganyu amutaya, mwina banja ligwedezeka. Choopsa kuposa zonsezi n'chakuti matenda amene akumudyadi, kaya ndi khansa, kaya mtima, kaya chibayo cha mtundu wina, amapeza miyezi yokulira mwakachetechete chifukwa aliyense wakhutira kuti vuto lapezeka. Winayo, amene wauzidwa kuti alibe pamene ali nayo, amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, kukagona chipinda chimodzi ndi ana, kukakwera minibasi yodzaza mawindo ali otseka. Akanapanda kuyezedwa n'komwe mwina akanapitiriza kufunafuna thandizo. Zotsatira zabodza zimamutsekera khomo limene kusadziwa kukanalisiya lotsegula.

Ndipo tisadzinamize kuti zoterezi ndi za ku India kokha. Njira ya Widal yoyezera tayifodi, imenenso imafufuza ma antibody, akatswiri akhala akuidandaula kwa zaka zambiri kuti imasocheretsa m'maiko amene matendawa ndi ofala, komabe ikugwirabe ntchito m'zipatala zambiri za mu Africa chifukwa ndi yotchipa, yachangu, ndipo wodwala amatuluka ali ndi pepala m'manja. Chipangizo chikangolowa pamsika n'kuyamba kubweretsa ndalama, kuchichotsa ndi ntchito yaikulu.

Kodi ndiye tingoiwala za ma antibody? Ayi. WHO yomweyo, poletsa zipangizo za nthawi imeneyo, inalimbikitsa kuti kafukufuku apitirire. Ndipo pali zimene zadziwika chichokereni 2011 zimene zikupatsa chiyembekezo. Mu 2016 gulu la ofufuza a ku Boston, motsogozedwa ndi Galit Alter ndi Sarah Fortune, linaonetsa kuti ma antibody a munthu amene TB ikumudwalitsa amasiyana kapangidwe ndi a munthu amene kachilomboko kangogona m'thupi mwake, makamaka pa timashuga timene timamatirira pa ma antibodywo. Zimenezi zikutanthauza kuti mwina funso lolondola silakuti ma antibody alipo kapena palibe, koma kuti ndi otani. Ena akuyesa kuphatikiza mapuloteni angapo pakachipangizo kamodzi, ena akuphatikiza ma antibody ndi zizindikiro zina za m'magazi. Koma njirayi ndi yokwera. Bungwe la FIND, limene limathandiza kupanga ndi kuyesa zipangizo zoyezera matenda, litayesa mapuloteni ambirimbiri pa anthu otsokomola a ku Peru ndi ku Vietnam, zotsatira zake za mu 2017 zinaonetsa kuti kuphatikiza kwabwino koposa kunkapeza pafupifupi wodwala mmodzi yekha mwa atatu. Kafukufuku ameneyu ndimamulemekeza chifukwa anayesa anthu oyenera, ndipo sanabise kuti zakanika.

Mawu oti "anthu oyenera" ndi amene agwira nkhani yonseyi. Akafukufuku ambiri akale ankatenga magazi a odwala TB amene matenda awafika pachimake n'kuwayerekeza ndi magazi a anthu athanzi lawo. Kusiyanitsa magulu awiri amenewa n'kosavuta, ngakhale agogo kumudzi angawasiyanitse pongowayang'ana. Pamzere wa kuchipatala sipakhala anthu athanzi. Pamakhala anthu khumi, onse akutsokomola, onse aonda, ena akutuluka thukuta usiku, ndipo mmodzi kapena awiri okha ndi amene ali ndi TB. Chipangizo chiyesedwe pamzere umenewo. Choncho tikamva pawailesi kapena kuwerenga pa intaneti kuti akatswiri apanga chipangizo cholondola 95 pa 100, tizifunsa kuti olondoledwawo anali ndani.

Ngakhale chipangizo chabwino chitapezeka, ntchito yake ikhala yosankhula, osati yogamula. Mu 2014 WHO inaika muyeso wa chipangizo chotere: chipeze odwala osachepera 90 pa 100, chimasule molondola anthu opanda TB osachepera 70 pa 100, ndipo mtengo wake usapitirire madola awiri. Tiyeni tiwerengetse. Tiyerekeze kuti pabwera anthu 1,000 otsokomola, ndipo 100 mwa iwo ali ndi TB. Chipangizo chofika pa muyeso umenewu chipeza 90 n'kuphonya 10. Mwa 900 opanda TB aja, chiloza 270 molakwika. Ndiye kuti anthu 360 ndi amene atumizidwe kukayezedwa makhololo pa makina a GeneXpert, m'malo mwa onse 1,000. Popeza katiriji imodzi ya GeneXpert, kabokosi kothiramo makhololo kamene kamagwira ntchito kamodzi kokha, imagulidwa pafupifupi madola asanu ndi atatu, makatiriji 640 opulumutsidwawo ndi madola oposa 5,000, pamene kuyeza anthu onse 1,000 ndi kachipangizo kaja kwadya madola 2,000 basi. Phindu lilipo, ndipo si la ndalama zokha: wa njinga yamoto anyamula mabotolo ochepa, makina sapanikizika, zotsatira zibwera msanga. Koma onaninso mbali inayi. Mwa anthu 360 amene kachipangizoko kawaloza, 90 okha ndi amene ali ndi TB, mmodzi mwa anayi. Aliyense woyambitsa munthu mankhwala chifukwa cha mzere wa pakachipangizo kameneka adzakhala akumwetsa anthu atatu mankhwala osawafunika kuti athandize mmodzi. Ndipo khumi ophonyedwa aja ayenera kuuzidwa momveka kuti chifuwa chikapitirira abwerenso.

Apa ndi pamene ndimaopa kwambiri, chifukwa lamulo lolembedwa ku Lilongwe ndi zochitika pachipatala cha kumudzi madzulo a Lachisanu sizifanana nthawi zonse. Makatiriji akatha, magetsi akazima, msewu ukaduka ndi mvula, wachipatala amene watsala ndi kachipangizo ka magazi kokha adzakopeka kuti agamule nako. Sindingamuweruze. Koma zikutanthauza kuti kachipangizoka sikadzalowa m'malo mwa labotale, kadzafuna labotale yolimba kumbuyo kwake.

Chitsanzo cha mmene chipangizo chatsopano chiyenera kuyesedwera tili nacho pafupi. Pachipatala chachikulu cha Zomba ndi cha Edendale ku South Africa panachitika kafukufuku wotchedwa STAMP, pa odwala pafupifupi 2,600 okhala ndi HIV amene anagonekedwa m'chipatala. Ankayesa ngati kuwonjezera kuyeza mkodzo, kuphatikizapo kachipangizo kotchipa ka LAM kamene kamafufuza kachidutswa ka kachilombo ka TB kenikeniko, kungapulumutse miyoyo. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti odwala TB ambiri anapezeka, ndipo imfa zinachepa pakati pa odwalitsitsa, monga amene CD4 yawo inali yotsika kwambiri ndi amene magazi anali atawathera, ngakhale kuti powerengera odwala onse pamodzi kusiyanako sikunali kokwanira kutsimikizira. Chaka chotsatira WHO inakulitsa malangizo ake a kagwiritsidwe ntchito ka LAM. Chimene ndimakonda pa kafukufukuyu n'chakuti sanalekere pa kufunsa ngati mzere ukuoneka. Anafunsa ngati wodwalayo ali moyo patapita miyezi iwiri. Chipangizo chilichonse cha ma antibody chidutse pa mayeso a mtundu umenewu, pa akulu ndi ana, okhala ndi HIV ndi opanda, ku Ndirande ndi ku Chitipa komwe, chisanagulidwe ndi ndalama ya boma kapena ya wodwala. Anthu otha kuchita ntchitoyi tili nawo ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ku mabungwe ofufuza za matenda a Malawi Liverpool Wellcome ndi MEIRU.

Za mtengo ndinene mwachidule. Katiriji ya GeneXpert inakhala pa madola 9.98 kwa zaka zoposa khumi, mpaka mu 2023 pamene inatsika kufika pa 7.97, mabungwe monga la madokotala la MSF atalimbana ndi kampani yake kwa nthawi yaitali kuti ifike pa madola asanu. Chipangizo sichitchipa chifukwa choti n'chosavuta kupanga, chimatchipa ngati wina anakambirana mtengo nthawi idakalipo. Nthawi imeneyo ndi pamene ofufuza akupempha magazi a odwala athu. Makomiti amene amavomereza akafukufuku m'dziko muno ali ndi mphamvu yofunsa, magaziwo asanakwere ndege, kuti chipangizocho chikadzatheka chidzagulitsidwa kuno pamtengo wanji, ndiponso ngati makampani ena adzaloledwe kuchipanga. Mayi amene watambasula mkono wake kupereka magazi ali pabedi la chipatala ayenera kudzakwanitsa kugula chimene magazi akewo anathandiza kupanga.

Pakadali pano, bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndi unduna wa zaumoyo aonetsetse kuti tizipangizo ta ma antibody a TB timene WHO inatikana sitikulowa m'dziko kudzera m'masutikesi ndi m'maoda a pa intaneti, ndipo zipatala zoima pazokha ziuzidwe poyera kuti zisamatigwiritse ntchito. Ndalama zochepa zimene zilipo zipite kaye ku zimene zatsimikizika kale koma sizinafike paliponse: makatiriji osatha, LAM m'mawodi onse ogonekamo odwala a HIV, kuyeza chimbudzi cha ana pa GeneXpert monga WHO inavomerezera, kujambula chifuwa, ndi mafuta a njinga zonyamula makhololo. Inu amene mwakhala mukutsokomola kwa masabata awiri, kapena muli ndi HIV ndipo mwayamba kutsokomola, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku, musadikire chipangizo chimene chikadali mu labotale. Ndipo wina akakuuzani kuti wakupezani ndi TB pongobaya chala, musayambe mankhwala musanapite kuchipatala cha boma kukayezetsa makhololo. Kumeneko kuyeza TB ndi mankhwala ake n'zaulere.